M'MERA MPOYAMBA: MBIRI YA KAGAWIDWE KA NYUMBA KU URAHA

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Mwambiwu udabadwira kumunda, komabe mmisiri aliyense womanga nyumba amadziwa kuti umanenanso za ntchito yake. Tsiku limene bambo ndi mayi aimirira pamalo olambulidwa, mmisiri nakhoma zikhomo, nakoka chingwe, nathira phulusa motsata chingwecho, ndilo tsiku limene zinthu zikuluzikulu zokhudza nyumbayo zimagamulidwa. Pamenepo mpamene pamadziwika kumene khomo lidzaloze, kumene ana adzagone, kumene moto udzayake ndi pamene mlendo adzakhale. Kukumba maziko, kuyala njerwa ndi kukhoma malata kumangotsatira zimene chingwe chanena kale. Chikhomo chikalakwika chimazulidwa n'kukhomedwa pena popanda kutaya ngakhale tambala imodzi, koma khoma likalakwika banja limakhala nalo zaka 40, apo ayi limaligumula mtima ukuwawa.

Mizere ya phulusayi ili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo imaoneka bwino munthu akaitsata m'dera limodzi. Uraha ali kumwera kwa boma la Karonga, pakati pa tauni ya Karonga ndi doko la Chilumba. Dzinali lidamveka kutali m'chaka cha 1991, pamene gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk wa ku Germany ndi Timothy Bromage wa ku America lidapeza kumeneko chibwano cha munthu wamakedzana wa mtundu wa Homo rudolfensis. Amene adachitola anali Mmalawi, Tyson Msiska. Chidapatsidwa nambala yoti UR 501, ndipo akatswiri amati chatha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Nkhani yake imafotokozedwa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Karonga, imene idatsegulidwa mu 2004. Mwini chibwanocho sadasiye maziko, mafuwa kapena chitseko. Poyerekeza ndi iyeyo, mbiri ya nyumba m'derali ndi ya dzulodzuloli. Komatu m'zaka 150 zokha zapitazi, kagawidwe ka nyumba ya banja kasintha kotheratu.

Pamene mudzi unali nyumba

Boma la Karonga ndi kwawo kwa mitundu ingapo. Chigwa cha kumpoto ndi cha Angonde, amene mfumu yawo yaikulu, Kyungu, inkakhala paphiri la Mbande. Wolemba mbiri Owen Kalinga, m'buku lake la 1985, adaonetsa kuti ufumuwu udakhazikika cha m'ma 1600. Kumwera, cha ku Uraha ndi Chilumba, kumamveka kwambiri Chitumbuka, ndipo cha m'ma 1880 m'bomali mudafikanso Ahenga ambiri amene ankathawa Angoni. Mitunduyi inkasiyana m'zambiri, koma pa nkhani ya nyumba inkagwirizana pa mfundo imodzi: zimene lero zimatchedwa zipinda, kale zinali nyumba zoima pazokha. Bwalo losesedwa ndilo linali pabalaza, ndipo njira za pakati pa nyumbazo ndizo zinali makonde.

Mmodzi mwa azungu oyamba kulemba za midzi ya kumpoto kwa nyanja anali Joseph Thomson wa ku Scotland, amene adadutsa kumeneko mu 1879. Iye adadabwa ndi ukhondo umene adaupeza. Adafotokoza za nyumba zozungulira zomangidwa ndi nsungwi, mipata yake yotsekedwa ndi timibulu ta dongo toumbidwa mwaluso, zoima pakati pa minda ya nthochi, pabwalo posesedwa mosasiya zinyalala. Ng'ombe, zimene zinali chuma chenicheni cha Angonde ndi abale awo Anyakyusa a kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, zinkagona m'nyumba zofoleredwa. Usiku ankazisonkhera moto wa ndowe zouma kuti utsi uthamangitse udzudzu ndi ntchentche, ndipo m'mawa phulusa ndi ndowe zinkakathiridwa ku nthochi. Choncho malo a ng'ombe, malo a nthochi ndi malo a anthu ankayalidwa pamodzi, chilichonse chikudyetsa chinzake.

Pakati pa 1934 ndi 1938, Godfrey Wilson ndi mkazi wake Monica adakhala pakati pa Anyakyusa ndi Angonde akuphunzira miyambo yawo. Godfrey adasindikiza za ulamuliro wa Angonde mu 1939, ndipo Monica adatulutsa buku lotchedwa Good Company mu 1951. Iwo adalongosola mwambo umene udali wamphamvu makamaka kutsidya kwa Songwe, ngakhale unkadziwikanso kwa Angonde: anyamata akafika zaka 10 kapena 11 ankachoka m'nyumba za makolo n'kuyamba kumanga timisasa tawo kumalire kwa mudzi. Ankabwerabe kudzadya kwa amayi awo ndi kulima munda wa atate awo, koma osagonako. Timisasato tinkakula mpaka kusanduka mudzi wa anthu a msinkhu umodzi, ndipo kumeneko ndiko ankafikitsira akazi awo.

Zifukwa zimene eni ake ankapereka zinali ziwiri. Choyamba, mwana wozindikira sayenera kumva kapena kuona za kuchipinda kwa makolo ake. Chachiwiri, mkazi wokwatiwa sankaloledwa kukumana maso ndi maso ndi bambo wa mwamuna wake, kudya pamaso pawo, ngakhale kutchula dzina lawo. Popeza kumpoto mkazi ndiye amatsata mwamuna akaperekedwa malowolo, njira yokha yosungira ulemu umenewu idali kutalikitsa nyumba. Kwa Atumbuka anyamata ankagona kumphala ndipo atsikana kunthanganeni. Owerenga a chigawo chapakati ndi kumwera adzakumbukira gowelo ndi kuka kwa agogo, kumene atsikana ankalandirira malangizo usiku. Mwamuna wamitala ankamangira mkazi aliyense nyumba yake, mafuwa ake ndi nkhokwe yake. Ulemu unkapimidwa ndi mapazi a pabwalo, ndipo amene ankayala mudzi molakwika ankafesa milandu.

M'kati mwa nyumba yozungulira

Kuyala nyumba yozungulira sikunkafuna pepala kapena sukulu. Mwamuna ankakhoma chikhomo pakati, n'kumangirirapo luzi, n'kuzungulira nalo akulemba pansi ndi kamtengo. M'mzeremo ankazika nsichi kapena nsungwi, n'kuzimanga ndi mbaliro. Denga nthawi zambiri linkalukidwira pansi, kenaka anthu ambiri n'kulinyamula kuliika pamwamba, ndipo apa mpamene pamamveka bwino mwambi woti mutu umodzi susenza denga. Kumata zipupa ndi kuzira pansi inali ntchito ya amayi. Ana nawonso ankaidziwa nyumbayi mpaka kuiika mu ndagi: nyumba ya mzati umodzi, yankho lake bowa.

M'katimo munalibe zenera, ndipo khomo linali limodzi, lalifupi. Komabe chinthu chilichonse chinali ndi malo ake. Mafuwa atatu ankakhala chapakati, pamwamba pake pali nsanja yoikapo mbewu za chaka chamawa, pakuti utsi unkateteza mbewuzo ku tizilombo ndiponso unkalimbitsa udzu wa denga. Mtsuko wa madzi ndi miphika zinkakhala kuchipupa, ndipo pogona pankatchingidwa ndi mpanda wa bango. Mlendo ankathera pakhonde kapena pafupi ndi khomo. Kupitirira pamenepo kudali kupanda mwambo, pakuti nyumba ya mwini saotchera mbewa.

Malinga, mliri ndi msonkho

Kayalidwe kotakasuka kameneka kadasokonezeka koyamba ndi nkhondo. Mu 1884 kampani ya African Lakes idatsegula sitolo ku Karonga, woyang'anira wake ali Monteith Fotheringham. M'zaka zomwezo Mlozi ndi anzake, Kopakopa ndi Msalemu, amene ankachita malonda a minyanga ndi akapolo, adamanga malinga awo cha ku Mpata, m'mbali mwa mtsinje wa North Rukuru. Nkhondo idabuka mu 1887. Midzi yambiri ya Angonde idatenthedwa, anthu ochuluka adaphedwa pa dambo la Kambwe, ndipo otsala adathawa kapena kuunjikana m'malinga momwe munalibe malo a nthochi, a mphala kapena a ulemu wa apongozi. Mu 1892 mliri wa ng'ombe udafika kumpoto kwa nyanja n'kupululutsa ziweto, nyumba za ng'ombe n'kutsala zopanda kanthu. Nkhondoyo idatha mu December 1895 pamene Harry Johnston adagonjetsa linga la Mlozi ndi kumupachika.

Mtendere udabwera ndi chinthu china chimene chidakhudza kamangidwe: msonkho wa nyumba. Pofika 1894 boma la atsamunda linkafuna mashilingi atatu pa nyumba iliyonse, ndipo m'zaka zotsatira msonkhowu udafika kumpoto. Kwa anthu amene nyumba zawo zinali ngati zipinda za banja limodzi, lamuloli lidali lolemera. Mwamuna wamitala ankakhomera nyumba ya mkazi aliyense. Kuyambira pamenepo nyumba idakhala chinthu chowerengedwa m'kaundula wa boma, ndipo kufunafuna ndalama ya msonkho kudatulutsa amuna m'midzi kupita kukagwira ntchito kutali.

Ngodya zinayi

Anthu ambiri amaganiza kuti nyumba ya ngodya zinayi idabwera ndi azungu okha. Izi si zoona kwenikweni. Anyakyusa ndi Angonde ankamanga kale nyumba zazitali zoterezi, ndipo amalonda achiswahili ankamanganso zawo monga za kugombe la nyanja yamchere, zokhala ndi khonde kumaso ndi mpanda kuseri. Chimene mishoni idabweretsa ndi njerwa, zenera, chitseko cha matabwa, ndiponso ganizo loti banja lonse, bambo, mayi mmodzi ndi ana awo, ligone pansi pa denga limodzi logawidwa m'zipinda.

Mu 1894 Dr Robert Laws adasamutsira likulu la mishoni ya Livingstonia ku Khondowe, pamwamba pa mapiri oyang'ana nyanja kumwera kwa Chilumba. Sukulu yake, Overtoun Institution, inkaphunzitsa aphunzitsi ndi alaliki komanso amisiri a matabwa, oumba njerwa ndi osema miyala. Nyumba yamiyala imene Laws ankakhalamo idamangidwa mu 1903 ndipo ikadalipo. Amisiri ophunzira kumeneko adabalalika m'midzi ya m'mbali mwa nyanja atanyamula chikombole, chingwe ndi sikweya. Nyumba ya mphunzitsi pafupi ndi tchalitchi idakhala chitsanzo chimene anthu ankabwera kudzaonera.

Nyumba ya ngodya inkafuna luso latsopano. Bwalo lozungulira limadziwongola lokha malinga luzi likhale lokoka, pamene ngodya imanama. Amisiri adaphunzira kupima mafiti atatu mbali imodzi, anayi mbali inayo, ndipo chingwe cholumikiza nsonga ziwirizo chikakwana mafiti asanu ankadziwa kuti ngodya yawongoka. Kenaka ankapima modutsa pakati, kuchokera ngodya ina kufika ngodya yoyang'anana nayo, mbali zonse ziwiri; miyeso ikafanana, nyumba yakhala bwino. Mpaka lero mmisiri wodziwa ntchito sayamba kukumba asanachite zimenezi, chifukwa ngodya yokhota pansi imakaonekera pamalata.

Ndalama za kutali ndi malata

Chimene chidafalitsa nyumba yamakonoyi ndi ndalama za anthu opita kunja. M'zaka za m'ma 1930 amuna ambiri a kumpoto adapita kumigodi ya golide ya Lupa ku Tanganyika. Ena adalowera kumigodi ya kopa ku Northern Rhodesia, ena ku Southern Rhodesia, enanso ku Joni kudzera ku Wenela, mpaka mu 1974 pamene ndege idagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Dr Kamuzu Banda naimitsa ulendowo. Wobwerako ankafuna kuti mudzi uone kuti sadapite pachabe. Njinga, wailesi ndi sutukesi zinkatha, koma nyumba ya malata inkatsala ikuchitira umboni.

Malata nawonso adayamba kulamula kagawidwe ka nyumba. Popeza amagulitsidwa potsata utali wake, monga mafiti 8, 10 kapena 12, mmisiri wanzeru ankayamba wafunsa malata amene mwini nyumba angakwanitse, kenaka n'kupima m'lifupi mwa nyumba kuti pasakhale kudula kapena kulumikiza. Motero padabadwa pulani imene idafala m'dziko lonse: khonde kumaso, pabalaza pakati, chipinda cha makolo mbali ina, cha ana mbali inayo, khomo lachiwiri lotulukira kuseri, kumene kumakhala khitchini, bafa ndi chimbudzi. Dziko litalandira ufulu mu 1964, Kamuzu ankabwereza m'misonkhano yake kuti munthu amafunika zinthu zitatu, chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha, ndipo mawuwa adakhazikika m'mitima ya anthu. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko muno nyumba pafupifupi 41 mwa 100 zilizonse zinali zolimba, za njerwa zootcha kapena simenti ndi malata, pamene pafupifupi 36 zinali zachikale.

Komatu walira mvula walira matope. Denga limodzi lidasonkhanitsa anthu amene mwambo udawalekanitsa. Khoma la pakati nthawi zambiri silinkafika kudenga, ndipo m'nyumba yopanda siling'i mawu amadutsa pamwamba ngati utsi. Mwana amene makolo akale ankamutumiza kumalire kwa mudzi tsopano ankagona kuseri kwa njerwa imodzi. Apongozi akabwera kudzacheza, mkamwana ankasowa podzera. Mabanja sadataye mwambo, adauyala m'pulani. Chipinda cha anyamata chidapatsidwa khomo lakunja, kapena adawamangira kanyumba kawo pambali, kamene ndi mphala yomwe ija yovala malata. Khomo lakuseri lidapatsa mkamwana njira yopita kukhitchini osadutsa pamene apongozi akhala. Pabalaza padaikidwa pakati dala, kuti patalikitse chipinda cha makolo ndi cha ana. Pabalaza pomwepo ndi pamene thupi limagonekedwa pakagwa zovuta, amayi atazungulira, ndipo n'chifukwa chake amisiri akale ankaonetsetsa kuti khomo lakumaso ndi lotakata moti bokosi lingatuluke osapendeketsa.

Zimene adapeza a zaumoyo

Dera la Uraha ndi Chilumba lidathandizanso dziko lonse lapansi kumvetsa mgwirizano wa nyumba ndi matenda. Mu 1979 ku Chilumba kudayamba kafukufuku wamkulu wa khate, wothandizidwa ndi bungwe la Lepra, wotsogozedwa ndi Dr Jörg Pönnighaus ndi Paul Fine. Ogwira ntchito ake adayenda khomo ndi khomo m'boma lonse la Karonga, akupima anthu ndi kulemba mtundu wa nyumba imene aliyense ankagonamo. Mu 1994 adasindikiza zotsatira zoonetsa kuti anthu okhala m'nyumba zabwino, komanso amene adakhalitsa pasukulu, sankadwala khate kawirikawiri poyerekeza ndi anzawo.

A zaumoyo aonetsanso kuti udzudzu wofalitsa malungo umakonda kulowera pa mpata wa pakati pa khoma ndi denga, kotero kutseka mpatawo ndi kuika sefa m'mazenera kumachepetsa udzudzu m'nyumba. Koma m'mbali mwa nyanja, kumene October ndi November amatentha koopsa, nyumba yotsekedwa paliponse imasanduka uvuni. Yankho lake lili m'pulani: mazenera oyang'anana kuti mphepo idutse, khonde lotchinga dzuwa, ndi chipinda chogona chosayang'ana kumadzulo kumene khoma limamwa dzuwa la masana onse. Anthu a kunyanja amadziwanso mwera, mphepo yamphamvu yochokera kumwera m'miyezi yozizira, ndi mpoto wa nthawi ya dzinja. Khitchini yoikidwa kumene mphepo imachokera imadzaza nyumba ndi utsi, ndipo chimbudzi chokumbidwa kumtunda kwa chitsime chimabweretsa kolera pakhomo.

Madzi ndi chivomezi

Madzi saiwala khwawa. Cha m'ma 1979 ndi 1980 nyanja ya Malawi idakwera kuposa mmene idachitira m'zaka zambiri, madzi nalowa m'tauni yakale ya Karonga. Zotsatira zake, maofesi ndi malonda zidasamukira kumtunda, ndipo n'chifukwa chake anthu amanena za tauni yakale ndi yatsopano. Mitsinje yotsika kumapiri, makamaka North Rukuru, yakhala ikusefukira kawirikawiri. Phunziro lake lidali loti funso loyamba pa pulani ndi malo amene nyumba iime ndi kutalika kwa chiwundo chake, zipinda zisanawerengedwe n'komwe.

Phunziro lowawa koposa lidadza mu December 2009. Karonga ali m'chigwa chachikulu chong'ambika cha kum'mawa kwa Africa, chomwecho chimene chidasunga chibwano cha ku Uraha ndi kuchitulutsanso poyera. Pa 6 December kudachita chivomezi cha mphamvu 5.8, pa 8 December china cha 5.9, ndipo usiku wa pa 19 kucha wa pa 20 December kudabwera chachikulu cha 6.0. Anthu anayi adamwalira, mazana adavulala, ndipo nyumba zikwizikwi zidagwa kapena kung'aluka. Imfa zikadachuluka kukadapanda kuti anthu ambiri anali atayamba kale kugona panja chifukwa cha mantha a zivomezi zoyambazo. Chakudza sichiimba ng'oma, koma ulendo umenewu chidachenjeza.

Akatswiri atayendera mabwinjawo adaona kuti nyumba zidagwa mofanana. Zambiri zinali za njerwa zomangidwa ndi matope, makoma ake opyapyala. Makoma ataliatali opanda khoma lodutsa lowagwira adagwa chagada. Nsonga za makoma a m'mbali, zosongoka zija zofika kudenga, zidathothoka n'kugwera m'zipinda kapena panja. Ming'alu idayambira pa ngodya za mazenera ndi zitseko, makamaka pamene zidaikidwa pafupi kwambiri ndi ngodya ya nyumba. Zipinda zoonjezera pambuyo pake, zongogunditsa kukhoma lakale osalumikiza njerwa, zidapatukana ndi nyumba. Nyumba zopepuka za mitengo, nsungwi ndi udzu, zimene anthu ankaziyesa zaumphawi, zidagwedezeka koma sizinkapha munthu monga khoma la njerwa.

Mu 2010 unduna woona za malo ndi nyumba, mogwirizana ndi mabungwe monga Malawi Red Cross ndi UN-Habitat, udatulutsa buku la malangizo a kamangidwe kotetezeka lotchedwa Guidelines for Safer House Construction. Zambiri zimene akatswiri a zivomezi amalangiza zimachitika pa tsiku la zikhomo lomwe lija. Nyumba ikhale yosavuta maonekedwe, ya ngodya zinayi, yosatalika mopitirira poyerekeza ndi m'lifupi mwake, yopanda nthambi zambiri. Zipinda zisakule kwambiri, pakuti khoma lililonse lodutsa limakhala ngati dzanja logwira khoma lakunja. Zenera kapena chitseko chitalikirane ndi ngodya masentimita osachepera 60, ndipo mazenera asadye khoma lonse. Pamwamba pa mazenera ndi zitseko pazungulire lamba wa konkire ndi zitsulo womanga nyumba yonse pamodzi. Apa pabalaza lalikulu lonyaditsa, limene aliyense amalilakalaka, lidapezeka kuti ndilo malo ofooka a nyumba ngati silinalimbitsidwe.

Banja la lero

Banja la ku Uraha limene laotcha njerwa zake, lagulitsa mpunga kapena nsomba, kapena lalandira ndalama kwa mwana wa ku Mzuzu kapena ku Johannesburg, limaimirira pamalo ake litasenza mbiri yonseyi, kaya likuidziwa kaya ayi. Kwa makolo akale lidalandira funso la ulemu: ana aamuna ndi aakazi agone motalikirana, makolo akhale ndi chinsinsi chawo, ndipo agogo okalamba apeze chipinda chapafupi ndi khomo chopanda masitepe. Kwa amishoni lidalandira ngodya ndi zenera. Kwa a kumigodi lidalandira malata ndi muyeso wake. Kwa a zaumoyo lidalandira nkhani ya mphepo, utsi ndi udzudzu. Kwa nyanja ndi chivomezi lidalandira chiwundo chokwera ndi lamba wa konkire.

Palinso nkhani ya thumba. Nyumba zambiri m'midzi zimamangidwa pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, malinga ndi zokolola. Amene wayala zipinda zisanu ndi chimodzi ali ndi ndalama ya ziwiri amatsala ndi makoma opanda denga, mvula n'kumasungunula matope, udzu n'kumera pabalaza. Mabwinja otere amaoneka m'mbali mwa misewu yambiri. Njira yanzeru ndi kujambula nyumba yonse pachiyambi, kumanga gawo lokwanira kufolera, ndi kusiya njerwa zotulukira pamene khoma lamtsogolo lidzalumikizidwe. Ndi bwinonso kuti pamveke bwino za mwini malo ndi mwini nyumba. Kumene nyumba imamangidwa pa malo a kuchimuna, amayi amasiye ambiri adalandidwa nyumba zimene adasenzera madzi ndi njerwa pamutu pawo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 lidaika mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana patsogolo, ndipo lidaletsa kulanda katundu wa womwalira.

M'midzi yakale nyumba inkayalidwa anthu ambiri akuona, ndipo wolakwitsa ankadzudzulidwa nsichi isanazikidwe. Masiku ano pulani imatha kubwera pafoni, yojambulidwa mumzinda ndi munthu amene sadamvepo mwera kapena kuona kumene madzi amadutsa mu March. Safunsa adadya phula. Mayi amene adzaphike ndiye amadziwa kutalika koyenera kuchokera pamoto kufika pamtsuko. Agogo ndiwo amakumbukira pamene padali chithaphwi chaka chimene nyanja idakwera. Mmisiri amene adamanganso nyumba zogwa mu 2010 ndiye amadziwa pamene mng'alu umayambira. Onsewa ayenera kuitanidwa kuti ayende m'kati mwa mizere ya phulusa, alowe pakhomo limene kulibe, aime m'chipinda chopanda makoma, ayese ngati bedi ndi masikito zingakwane, ndipo anene zakukhosi zikhomo zikadali zozulika. Khasu la maziko lilowe pansi pambuyo pake.